Anti, bambo agulitse puloti kuti ndipite kozi ya milungu inayi ku Ulaya?

Imelo iyi inafika Lachiwiri usiku, ndipo ndaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha. Mwini wake wandilola kuti ndiyiike pano, bola ndisatchule dzina. Ndadulako zina ndi zina, koma mtima wa nkhani ndi uwu:

"Anti, ndili chaka chachitatu pa Mzuni, ndikuphunzira za nkhalango. Pagulu lathu la WhatsApp panabwera uthenga wa kozi ya milungu inayi ku Ulaya, yokhudza kusintha kwa nyengo. Ndinalembera, ndipo patangopita masiku awiri anandiyankha kuti ndasankhidwa. Akuti ndilipire mayuro 1,800, tikiti ya ndege ndigule ndekha, ndipo pasanathe masiku 10 nditumize kaye mayuro 300 osungitsira malo. Bambo ali ndi puloti ku Dunduzu ndipo akuti aigulitsa, sangaonerere mwana wawo akutaya mwayi. Mayi akukana. Ine tulo sindikupeza. Kodi makozi afupiafupi akunjawa ndi aphindu? Nanga ndidziwa bwanji kuti zimenezi ndi zoona?"

Mwana wanga, ndiyambe ndi yankho kuti ugone bwino lero: puloti isagulitsidwe, ndipo mayuro 300 amenewo usatumize. Mayi ako akunena zoona. Koma sindikufuna kuti umve ngati ndikuti usapite kunja. Ndikufunitsitsa upite. Ineyo ndinapitako kozi ya milungu isanu ndi umodzi ndili wamng'ono ngati iweyo, ndipo mpaka lero ndikudyabe zipatso zake. Chimene ndikukana ndi khomo limene ukufuna kulowerali.

Taona kaye kalata yakoyo bwinobwino. Unalembera, patapita masiku awiri akuti wasankhidwa. Anakufunsa transcript yako, pepala la magiredi ako lija? Anafuna kalata yochokera kwa lekichala wako? Anakuitana pa intavyu, ngakhale ya mphindi 15 zokha? M'kalata yako sunatchulemo chilichonse mwa zimenezi, choncho ndikuganiza kuti sizinachitike. Malo amene anthu amapikisanirana, kusankha kwake kumatenga milungu, nthawi zina miyezi, chifukwa pamakhala anthu enieni amene akuwerenga mafomu. Kumene aliyense wolembera amasankhidwa, dziwa kuti sakusankha ophunzira, akufuna makasitomala. Ndipo masiku 10 akupatsawo ndi oti usapeze mpata wofunsa munthu.

Zoterezi zinachitikapo m'banja mwathu. Mwana wa achimwene anga analandira kalata yomuitanira ku msonkhano wa achinyamata kunja, kalata yokongola, yachidindo chofiira, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Ankati ndege ndi malo ogona adzalipira okha, iye angotumiza ya fomu ndi ya inshuwalansi kudzera kwa "wothandizira" wawo wa kuno. Ndimakumbukira bwino tsiku limene anapita kukatumiza, pa kabenchi ka ejenti pafupi ndi depoti, kunja kukuwaza kamvula kathu ka mu June kaja. Anawerenga ndalamazo kawiri, zina zinali za mbuzi zimene agogo ake anagulitsa ku Ekwendeni, ejenti akumuwerengera nambala mokweza kuti atsimikize. Patapita sabata anati pakufunikanso ina ya "chilolezo". Anatumizanso. Sabata yachitatu nambala ija inasiya kupezeka. Chimene chinandiwawa si ndalama zokha. Mnyamatayo anatha miyezi osafuna kupita kumudzi, chifukwa anali atatsanzika kale ku tchalitchi ndipo anthu anali atamupempherera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mwina kozi yakoyo ndi yeniyeni. Zimenezo n'zotheka ndithu. Mayunivesite ambiri a ku Ulaya amatsegula makozi olipiritsa m'miyezi ya June, July ndi August, pamene ophunzira awo ali pa holide ndipo zipinda zili zopanda anthu. Si kuba ayi, ndi bizinesi yovomerezeka, ndipo maphunziro ake ena ndi abwino. Kudziwa ngati ndi yeniyeni sikovuta. Usadine linki imene anakutumizira. Lemba wekha dzina la yunivesiteyo pa Google, lowa pa tsamba lake lenileni, ufufuze ngati koziyo ilipo ndi masiku omwewo ndi mtengo womwewo. Yang'ana adiresi ya imelo imene inakulembera: yunivesite imalemba ndi adiresi yothera ndi dzina lake, osati Gmail. Lembera ofesi yawo yoona za ophunzira akunja, uwafunse ngati akukudziwa. Ndipo ndalama za yunivesite zimapita ku akaunti ya yunivesiteyo ku banki, osati ku nambala ya foni ya munthu kapena ku dzina la munthu pa Western Union.

Koma ngakhale utapeza kuti ndi yeniyeni, yankho langa pa za puloti silisintha. Tiye tiwerengere limodzi. Mayuro 1,800 ndi olipira ku sukulu, ndipo uyenera kufunsa ngati malo ogona ndi chakudya zili momwemo. Pamwamba pake pali tikiti yochokera pa Kamuzu International Airport, kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, m'miyezi imene matikiti opita ku Ulaya amakwera mtengo. Pali pasipoti ngati ulibe. Pali viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imene kuyambira mu June 2024 mtengo wake ndi mayuro 90, ngakhale malamulo awo amati wophunzira amene akupita kukaphunzira angathe kukhululukidwa ndalama imeneyi, choncho uzifunsa. Pali inshuwalansi ya chipatala imene iyenera kukwanira kulipira mpaka mayuro 30,000, ndipo popanda imeneyi viza sapereka. Pali maulendo a ku Lilongwe, kutsika ndi M1 kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, kamodzi kukapereka mapepala, kenanso kukatenga, n'kugona kwa achibale kapena kuresitihausi. A ku ofesi ya kazembe adzafunanso kuona sitetimenti ya ku banki yosonyeza kuti uli ndi chodyera masiku onsewo. Ndiye kumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja m'mabanki mwathu ukudziwa wekha mmene zimavutira kupeza. Walira mvula walira matope. Ukaphatikiza zonsezi upeza kuti mwina puloti yokhayo siikwana, bambo ayambanso kuyang'ana katapila.

Ndipo pobwera udzanyamula chiyani? Funso limeneli ndi limene ndikufuna ulisunge pa kozi ina iliyonse imene udzaione. Makozi ambiri a milungu itatu kapena inayi amapereka satifiketi yongosonyeza kuti unalipo. Ena amapereka makirediti. Ku Ulaya amawerengera ndi njira yotchedwa ECTS: chaka chathunthu cha maphunziro ndi makirediti 60, semesita ndi 30, ndipo kirediti imodzi ndi ntchito ya maola 25 mpaka 30. Kozi ya mwezi umodzi imakupatsa ochepa chabe. Ochepawonso sangalowe okha mu digiri yako ya pa Mzuni, pokhapokha dipatimenti yako itavomereza usananyamuke, molemba. Ukapita osagwirizana nawo, ubwera ndi pepala lokongola loika mufulemu pabalaza, koma makozi onse a semesita imeneyo akukudikirabe. Palinso nkhani ya kalendala. Nyengo yotentha ya ku Ulaya siyenderana nthawi zonse ndi holide yathu. Ukhoza kupeza kuti milungu inayi imeneyo ndi yomwe anzako akulemba mayeso a pakati pa semesita kapena ali kuthengo kuyeza mitengo. Kuphonya zimenezo m'chaka chachitatu kungakubwezere m'mbuyo chaka chonse, ndipo ngati uli pa ngongole ya boma ya ophunzira, zimenezo zili ndi mavuto akenso.

Pamene puloti ya ku Dunduzu, mzinda wathu mmene ukukuliramu, ndi nyumba ya mawa ya azing'ono ako.

Tsopano ndikuuze za khomo limene ine ndikulidziwa. Silili pa WhatsApp. Lili mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti yako, komweko ku Luwinga, ndipo mwina umalidutsa tsiku lililonse popita kukalasi.

Maulendo ambiri enieni a ophunzira a digiri yoyamba amayenda pakati pa sukulu ndi sukulu. Chitsanzo chachikulu ndi Erasmus+ ya European Union. Pulogalamuyi inayamba mu 1987 ya ophunzira a ku Ulaya okhaokha, koma kuyambira 2015 inatsegula mbali yolola ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, kuphatikizapo maiko a mu Africa, kupita kukaphunzira kwa kanthawi. Kayendedwe kake ndi aka: yunivesite ya ku Ulaya imagwirizana ndi yunivesite ya kuno, imapempha ndalama, ndipo ikapatsidwa, sukulu ya kuno ndi imene imalengeza ndi kusankha ophunzira ake. Iwe sulembera wekha ku Brussels, ku likulu la European Union, ndipo palibe ejenti amene angakugulitse malo amenewa. Wosankhidwa amakhala kumeneko kuyambira miyezi 2 mpaka 12, salipira fizi ku sukulu yomulandira, amapatsidwa ya ulendo, ndiponso mayuro 800 mpaka 900 pamwezi malingana ndi dziko. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi pepala lotchedwa Learning Agreement. Usananyamuke, iweyo, sukulu yako ndi sukulu yokulandira mumasainirana kuti ukaphunzira makozi akutiakuti, ndipo pobwera adzawerengedwa m'malo mwa makozi akutiakuti a kuno. Ndiye kuti semesita imeneyo siitayika.

Waona kusiyana kwake? Uku akukuuza kuti ubweretse mayuro 1,800 pa milungu inayi. Uko akukupatsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti ukhale semesita yonse. Malo oterewa ndi ochepa, sindikunamiza, ndipo sapezeka chaka chilichonse m'dipatimenti iliyonse. Koma chimene ndaona ine n'chakuti akapezeka, nthawi yolembera imakhala yaifupi, ndipo amene amapita ndi amene anali wokonzeka kale: pasipoti ili m'manja, magiredi ali bwino, ndipo alekichala akumudziwa dzina.

Choncho sabata ino vala bwino, upite ukagogode. Ukawauze kuti, "Bwana, ndikufuna kudziwa ngati dipatimenti yathu ili pa ubale ndi mayunivesite akunja, ndipo ngati pamakhala mwayi wa ophunzira." Usachite manyazi. Malekichala ambiri a pa Mzuni, a ku University of Livingstonia ndi makoleji ena a mumzinda uno anachita masitazi ndi udokotala wawo kunja, ndipo amalemberanabe ndi amene anawaphunzitsa. Pulojekiti ya kafukufuku ikabwera, amafunsidwa kuti, muli ndi wophunzira wakhama amene tingamutenge milungu ingapo? Pamenepo amakumbukira uja amakhala kutsogolo, uja anadzipereka kunyamula matepi ndi kulemba manambala pamene ankayeza mitengo dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinapita choncho. Sindinali woyamba m'kalasi. Ndinathandiza mphunzitsi wina kulowetsa mayankho a kafukufuku mu kompyuta kwa milungu itatu popanda malipiro, ndipo patapita miyezi anandiitana mu ofesi n'kundifunsa ngati ndili ndi pasipoti. Ndinalibe. Ndinathamanga nayo movutika kwambiri, ndipo inatuluka kutatsala masiku ochepa. N'chifukwa chake ndikuti, ngati bambo akufuna kukuthandiza, akuthandize ya pasipoti. Ofesi ya Immigration ilipo konkuno ku Mzuzu. Imeneyo ndi ndalama yosafuna kugulitsa malo, ndipo pasipoti imakhala zaka zambiri ikudikira mwayi.

Pali chinthu china chimene ana athu ambiri sachiona. Mumaganiza kuti mukupita kunja ngati opempha, manja lende. Iwe ukuphunzira za nkhalango uli pakhomo pa Viphya, imodzi mwa nkhalango zobzalidwa zikuluzikulu mu Africa muno, ndipo waona ndi maso ako zimene moto ndi macheka zachita ku Chikangawa. Nyika ili pafupi, Vwaza ili pafupi, Kaning'ina ukuiona uli m'tauni. Ukudziwa mtengo wa thumba la makala ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, ukudziwa amene amalikankha pa njinga usiku kuchokera kuphiri, ndiponso chifukwa chimene sangasiyire. Pulofesa wa ku Ulaya amene amalemba za nkhalango za miombo ndi kusintha kwa nyengo amafuna munthu wodziwa zimenezi, wolankhula Chitumbuka ndi Chichewa, amene angakhale pansi ndi amayi otola nkhuni n'kumva zoona zake. Ukamalemba kalata yopempha malo, usayambe ndi zoti kuyambira uli mwana umalota kupita kunja. Onse amalemba zomwezo. Lemba za phiri limodzi limene ukulidziwa, zimene zasintha pamenepo, funso limene likukusowetsa mtendere, ndi luso limene ukufuna kukaphunzira kuti uliyankhe, kaya ndi kuwerenga zithunzi za setilaiti, kaya ndi kuyeza kaboni wosungidwa m'mitengo. Kalata yotero imaoneka pakati pa makalata 200.

Ndiponso kunja si ku Ulaya kokha. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene a ku Blantyre alibe: Tanzania ili pamphuno. Ukakwera basi m'mawa, kutsika Chiweta, kudutsa Karonga, madzulo uli pa Songwe, ndipo Mmalawi safuna viza kuti alowe kukacheza. Amayi a ku Taifa Market amayenda njira imeneyi mwezi ndi mwezi. Ku Morogoro kuli Sokoine University of Agriculture, imene mbiri yake pa za nkhalango ndi yaikulu m'chigawo chino. Kufupi ndi Moshi, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kuli koleji ya Mweka yophunzitsa za nyama zakutchire, imene inatsegulidwa mu 1963. Ku Zambia, Copperbelt University ya ku Kitwe imaphunzitsa za nkhalango, ndipo mitengo yawo ndi miombo yomweyi. Ku South Africa, Stellenbosch ili ndi dipatimenti ya za nkhalango ndi matabwa. Zimene ungaphunzire m'malo amenewa ukhoza kuzigwiritsa ntchito tsiku lomwe wabwera, chifukwa mavuto ambiri a kumeneko ndi ofanana ndi athu. Ndipo dziwa kuti maiko a SADC anasainirana pangano la za maphunziro mu 1997, ku Blantyre m'dziko muno, lakuti wophunzira wochokera m'dziko lina la SADC azitengedwa ngati mwana wa pakhomo pa nkhani ya fizi ndi malo ogona. Sukulu iliyonse ili ndi katsatidwe kake, koma ukamafunsa mtengo uzinena kuti ndiwe wa SADC, usangolandira mtengo wa azungu.

Za America ndinene mwachidule. Mandela Washington Fellowship, pulogalamu ya atsogoleri achinyamata a mu Africa imene inayamba mu 2014, inkakhala ya milungu isanu ndi umodzi, koma inkatenga anthu a zaka 25 mpaka 35 amene ayamba kale kuchita zinthu m'madera mwawo, choncho si ya iwe panopa. Komanso malamulo a viza ya kumeneko akhala akukhwima kwa ife. Mu August 2025 dziko la Malawi ndi Zambia anali oyamba kuikidwa pa lamulo loti wopempha viza yokacheza kapena ya bizinesi angauzidwe kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chilichonse cha ku America uzichitsimikiza pa tsamba la ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe tsiku lomwe ukulembera. Ku Britain, viza ya mlendo imalola kuphunzira kozi yosapitirira miyezi 6 pa sukulu yovomerezeka, koma sikolashipu ya Chevening imene ambiri amaitchula ndi ya masitazi, ndipo imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri. Isunge m'mutu, idzakhala yako m'tsogolo. Anzako a sayansi ndi kompyuta uwauze za CERN, labotale yaikulu ya kafukufuku wa sayansi ku Geneva, imene chaka chilichonse imatenga ophunzira a physics, masamu, kompyuta ndi uinjiniya kwa milungu ingapo, ngakhale ochokera m'maiko amene si mamembala, ndipo imawalipirira. Auzenso za Deep Learning Indaba, msonkhano wamaphunziro a nzeru zamakompyuta (AI) umene unayambira ku Johannesburg mu 2017 ndipo umazungulira m'maiko a mu Africa. Onsewa amalembetsa pa masamba awo, popanda munthu wapakati.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye, makamaka poti ndiwe mtsikana. Samala kwambiri ndi mauthenga olonjeza "kuphunzira uku ukugwira ntchito", tikiti yaulere, ndipo akufuna atsikana okhaokha a zaka zakutizakuti. Mu October 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a ku Africa amene anakopedwa ndi pulogalamu ya Alabuga Start ku Tatarstan, m'dziko la Russia, anakapezeka akupanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa mufakitale. Ndipo tonse tinamva kulira kwa amayi a Chimalawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti. Kulikonse kumene ungapite, pasipoti yako isachoke m'manja mwako kupita kwa bwana kapena ejenti. Siyira mayi ako fotokope yake, adiresi ya kumene ukagone, ndi dzina la munthu wa pasukulu yokulandira. Sukulu yako idziwe kumene uli.

Ukadzapeza mwayi weniweni, ndipo ndikukhulupirira udzaupeza, pali tinthu ting'onoting'ono timene palibe amene anandiuza ine. Ndinkati poti ndakulira ku Mzuzu, kuzizira ndikukudziwa. Ndinagula jekete pa kaunjika, lolemera bwino, ndikuti zatheka. Nditatuluka pabwalo la ndege mphepo inandilowa m'mafupa ngati ndavala chitenje chokha. Koma chimene chinandivuta kwambiri chinali ndalama. Ya mwezi imene anatilonjeza inachedwa milungu iwiri ndi theka chifukwa cha mapepala a ku banki, ndipo ine ndinali ndi tindalama tochepa m'thumba. Ndinkadya buledi ndi tiyi m'chipinda, anzanga akamapita kukadya ndinkati ndakhuta. Chinandipulumutsa ndi ufa wa makilogalamu awiri umene mayi anandikakamiza kunyamula ndikukana, ndi mayi wina wa ku Kenya wa chipinda choyandikana nane amene anandibwereka poto ndi mthiko. Tinkaphika limodzi, iye akuti ugali, ine ndikuti nsima. Choncho udzafunse usananyamuke: ndalama yoyamba ndidzalandira liti, ndipo tikiti mugula ndinu kapena ndigule ndekha mudzandibwezere? Funso lachiwirili ndi lofunika, chifukwa mapulogalamu ena amabweza ukafika, ndipo pamenepo m'pamene banja lingafunike kusonkha kangachepe kodziwika kuti kabwerera. Udzafunsenso ngati akufuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, amene ndi odula, kapena angalandire kalata ya ku ofesi ya Registrar yonena kuti maphunziro ako onse ndi a m'Chingerezi. Makozi afupiafupi ambiri amailandira kalata imeneyi. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu, ndipo ya ku Schengen iyenera kukhala ndi moyo miyezi itatu kupitirira tsiku lobwerera.

Unafunsa ngati makozi amenewa ndi aphindu. Kwa ine phindu silinali satifiketi. Ili mu sutikesi penapake, ndipo palibe bwana amene anandilemba ntchito chifukwa cha iyo. Phindu linali mayi mmodzi, mphunzitsi wa koziyo, amene anatenga lipoti langa la masamba asanu n'kulibweza lofiira ndi inki, kenako anakhala nane ola lathunthu kundionetsa chiganizo ndi chiganizo pamene ndanena chinthu chopanda umboni. Ndinatuluka mu ofesi mwake misozi ili m'maso, koma kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kulemba mosiyana. Patapita zaka zitatu, mayi yemweyo ndi amene anandilembera kalata yondichitira umboni pamene ndinkapempha sikolashipu ya masitazi. Ndinaphunziranso kufunsa funso m'kalasi popanda kupepesa kaye. Milungu isanu ndi umodzi siikupanga katswiri, koma imakwana kuti munthu mmodzi wodziwa akudziwe, ndiponso kuti uone mmene anzako a ku Ghana, ku Nepal kapena ku Peru akulimbanira ndi vuto lomwe lija umaliyesa la kwanu kokha. Zimenezi zimachitika bwino pamene unasankhidwa chifukwa cha ntchito yako ndipo aphunzitsi akukuyembekezera. Pa kozi imene aliyense wolipira amalowa, kalasi imadzaza, ena abwera kudzaona mzinda, ndipo mphunzitsi sakhala ndi chifukwa chokukumbukira.

Ndipo udzabwere. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa mayesero amene amakhalapo sabata yomaliza, pamene wina akukunong'oneza kuti ungotsala, ntchito zosamalira okalamba zilipo. Wotsala viza itatha amakhala moyo wobisala, digiri ya kuno yatayika, ndipo sukulu imene inamulandira imayamba kukayika kutenganso mwana wina wa ku Malawi. Amene amalipira ndi wa chaka choyamba uja amene lero akukuyang'ana iwe.

Za bambo ako, usawakhumudwitse powauza kuti anatsala pang'ono kupusitsidwa. Munthu wofuna kugulitsa malo ake chifukwa cha mwana wamkazi ndi bambo wachikondi, ndipo si onse ali nawo otere. Khala nawo pansi pamodzi ndi mayi, uwathokoze, uwawerengere ndalama zonse monga tawerengera pano, kenako uwauze kuti pali njira ina imene ukuyamba kuitsata, ndipo chimene ukupempha kwa iwo panopa ndi ya pasipoti basi. Akakayika, apite nawe limodzi kwa mkulu wa dipatimenti akamve okha.

Anthu a koziyo uwayankhe mwaulemu. Uwafunse dzina la yunivesite imene ikupereka makirediti ndi kuchuluka kwake, uwafunsenso ngati ali ndi thandizo la ophunzira ochokera m'maiko osauka, chifukwa masukulu ena enieni amachotsera fizi anthu ochepa chaka chilichonse, ndipo amene amapatsidwa ndi amene wafunsa. Akayankha bwino ndi adiresi ya yunivesite, unditumizire yankholo tiliwerenge limodzi. Akangobwereza zoti masiku akutha utumize msanga, usawayankhenso, ndipo uchenjeze anzako pagulu lija.

Lachisanu masana ndimakhala ndilibe zochita zambiri. Ukabwera kuchokera ku ofesi ya dipatimenti, undilembere zimene akuuza, ndipo ubwere ndi tsamba limodzi lofotokoza za phiri limene wasankha, tidzayambire pamenepo kukonza kalata yako.